Kutsuka ndi kuthira mafuta mabering'i a reel yowedzera nsomba

Mwezi sutha osabwera munthu pakhomo panga pano pa Chitakale, ku Mulanje, atanyamula reel (kachipangizo kokulungira chingwe pa ndodo yowedzera) m'jumbo, n'kumati, "Achimwene, tamverani kulira kwake. Mafuta ndathiramo koma ikungokhala ngati muli mchenga." Ndikafunsa kuti mwathira mafuta anji, yankho ndimalidziwiratu: oyilo wa njinga yamoto, mafuta ophikira, kapena WD-40. Pakamwa panga patopa kubwereza nkhani imodzimodzi, ndiye ndailemba pano kuti wofunsa ndizingomulozera.

Ma reel ambiri amene amafika m'manja mwanga ndi a spinning, aja olendewera kunsi kwa ndodo, okhala ndi waya wopindika wotsegula ndi kutseka chingwe. Ena anabwera ndi abale ochokera ku Joni, ena ndi a pa kaunjika, ndipo kabuku kake kanasowa kalekale. Malangizowa ndi a mtundu umenewo. A baitcaster, aja okhala pamwamba pa ndodo, ndiwatchula pokhapo pamene pali kusiyana.

Bering'i ya mu reel ndi m'bale wake wa ija ya m'gudumu la njinga ya kabaza, kungoti iyi ndi yaing'ono ngati njere ya chimanga ndipo timipira take tidatsekeredwa mkati. Ili ndi mphete ziwiri, yamkati ndi yakunja. Pakati pa mphetezo pali timipira tachitsulo, ndi kakhola kotigwira kuti tisagundane, kenako zivindikiro mbali zonse ziwiri. Nambala ya bering'i ikathera ndi ZZ, zivindikirozo ndi zachitsulo. Ikathera ndi 2RS, ndi zarabala. Pa reel yanu mwina palembedwa 5+1 kapena 10+1. Nambala yoyambayo ndi kuchuluka kwa mabering'i a timipira, ndipo 1 womalizayo ndi bering'i ya mtundu wina, yoletsa chogwirira kubwerera m'mbuyo. Imeneyo ili ndi malamulo akeake ndipo tifikako.

Kuno mabering'i amafa msanga pa zifukwa ziwiri. China ndi chiperoni. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mphepo yonyowa ija yochokera ku Mozambique imalowa paliponse, ndipo ma reel otchipa ali ndi mabering'i a chitsulo wamba chochita dzimbiri ngakhale reel isanagwere m'madzi. China ndi dothi. Mukakhala m'mbali mwa Ruo kapena Thuchila mvula itangogwa, kapena pa damu la ku esiteti pamene mwapatsidwa chilolezo, mumagoneka ndodo pansi kuti mukole nyambo, ndipo kamchenga ndi katondo wofiira zimalowa. Mukathira mafuta pamwamba pa litsirolo mwapanga phala lonolera, ndipo nthawi iliyonse mukapukusa chogwirira mukupera timipira tanu tomwe. Ntchito yaikulu ndi kutsuka. Kuthira mafuta ndi kwa mphindi imodzi kumapeto.

Musanayambe sonkhanitsani izi: tisikuludiraiva ting'onoting'ono tonga ta okonza mafoni, sipanala yaing'ono, singano yosokera, mswachi wakutha, tibotolo tiwiri tagalasi tokhala ndi zotsekera, parafini pang'ono, sipiriti wa ku famase, pensulo yosongola, nsalu yoyera yosathothoka ulusi, thireyi ya mazira, ndi jumbo yoonekera mkati. Pa mafuta, abwino ndi opangidwira ma reel, monga a Shimano, Penn kapena Daiwa. Akasowa, pitani kwa atelala mukapemphe oyilo wa makina osokera. Ndi wopyapyala bwino ndipo sauma n'kusanduka ulimbo. Girisi akhale wofewa, osati uja wakuda wolimba wa mathirakitala.

1. Mverani kaye musanatsegule. Pukusani chogwirira chingwe chisakukoka chilichonse. Ikamalira kapena kukhakhala pamenepo, vuto lili mkati mwa thupi la reel. Ikakhala chete koma n'kumalira pokhapo mukukoka nsomba kapena mtovu, musavutike kutsegula thupi, wolakwa ndi kagudumu ka chingwe, kaja kali pakona ya waya wopindika pamene chingwe chimadutsa. Kayeseni pokhulitsa kachidutswa ka chingwe pamwamba pake uku ndi uku. Kakapanda kuzungulira, kauma. Pa ma reel amene amandibweretsera, kagudumu kameneka ndiko kamandipatsa ntchito kuposa china chilichonse, chifukwa madzi onse obwera ndi chingwe amathera pomwepo. Kakauma kamapota chingwe, kenako chingwecho chimakumba kangalande pa kagudumuko, ndipo mlamba wanu wamkulu udzadula chingwe pamenepo.

2. Konzani malo. Yalani nsalu yoyera patebulo, m'nyumba, powala bwino. Pakhonde ayi. Kasikuluwu kakagwa pamenepo nkhuku imakatola musanawerame. Chilichonse chimene mwachotsa ikani m'thireyi ya mazira motsatana, kuyambira kumanzere, ndipo jambulani ndi foni musanachotse kanthu kalikonse. Mudzandithokoza pobwezera.

3. Tsegulani. Masulani chomangira drag (buleki yolola chingwe kutuluka nsomba ikakoka mwamphamvu) chili pamwamba, zulani spool, paja pokulungika chingwe. Kunsi kwake pa shafiti mupeza timawashala topyapyala. Tiwerengeni ndipo tisasowe, chifukwa ndito timachititsa kuti chingwe chizikulungika mofanana pa spool, osaunjikana kutsogolo kapena kumbuyo. Chogwirira chimachoka pochipukusa chobwerera m'mbuyo mutagwira rotor (mbali yozungulira imene yanyamula waya wopindika uja), kapena pomasula kachitsekero ka mbali inayo. Nati yogwira rotor isamaleni: pa ma reel ena mazinga ake ndi akumanzere, choncho ikakana mbali imodzi yesani inayo musanaike mphamvu. Masikuluwu a chivindikiro cha m'mbali nthawi zina amasiyana kutalika, ndiye aliyense akumbukiridwe bowo lake. Kasipuling'i ka waya wopindika musakakhudze. Mulibe bering'i mmenemo, ndipo kukabwezera kumatukwanitsa ngakhale mkulu wa mpingo.

4. Tulutsani mabering'i. Kawirikawiri pali awiri m'mbali mwa giya yaikulu, imodzi kapena awiri pa kagiya kakang'ono kotalika kamene shafiti imadutsamo, ina m'kagudumu ka chingwe, ndi ena m'kachitsotso ka chogwirira. Pambali pa bering'i ya giya yaikulu pamakhala timawashala topyapyala ngati pepala, tomwe timakonda kumatirira ku girisi n'kutayika. Bering'i ikakakamira, ikokeni ndi kawaya kopinda ngati mbedza, pang'onopang'ono mozungulira. Osaimenya. Mukapeza kamphete kapulasitiki kapena kamkuwa pamalo pamene mumayembekezera bering'i, musadabwe, ndi bushi. Opanga ma reel otchipa amatero. Ipukuteni, idzangofuna kadontho ka oyilo.

5. Tsegulani chivindikiro cha bering'i. Apa ndi pamene anthu ambiri amalumpha, amangoviika bering'i yotseka m'parafini n'kumati yayera. Girisi wakale wouma ndi mchenga sizituluka bwino pa kampata kakang'ono kaja, ndipo parafini amangozifewetsa kuti zipitirize kuzungulira momwemo. Ndiye khalani pansi, valani magalasi ngati maso ayamba kutopa ngati anga, muyang'anitsitse m'mphepete mwa chivindikiro, pamene chimakumana ndi mphete yakunja.

Mitundu ilipo itatu. Woyamba uli ndi kawaya kopyapyala ngati tsitsi, kooneka ngati chilembo C, kogona m'kangalande ka mphete yakunja n'kupanikiza chivindikiro. Zungulitsani bering'i pang'onopang'ono mpaka muone pamene nsonga ziwiri za kawayako zasiyana. Nsonga zimenezi zimadulidwa mopendekeka, ndipo imodzi yokha ndiyo imalola singano kulowa kuseri kwake. Mukayesa ina singano imangoterereka, ndiye sinthani. Tsopano lowetsani manja onse awiri, bering'i ndi singano m'jumbo yoonekera ija, mugwirire ntchito momwemo. Kawayaka kakamasuka kamauluka, ndipo simukamva pogwera. Ine kanga koyamba ndinakafunafuna chokwawa pansi mpaka mayi a kunyumba anafunsa ngati ndataya ndalama. Sikanapezeke. Ikani chala chachikulu pa theka la bering'i, lowetsani nsonga ya singano kuseri kwa nsonga ya kawaya, kankhirani chapakati pa bering'i kenako m'mwamba. Kakatuluka, tembenuzani bering'i ndi kuigogoda pang'ono pa nsalu, chivindikiro chigwa chokha. Osachitokosa ndi singano. Chikapindika ngakhale pang'ono chidzakhula kakhola ka timipira, ndipo mudzamva kaphokoso kamene kunalibe musanatsegule.

Mtundu wachiwiri ndi wa rabala. Lowetsani singano m'mphepete mwamkati, pafupi ndi mphete yamkati, mosapitirira kuti musabaye kakhola, ndipo tukulani pang'onopang'ono. Mkati mwa rabalayo muli kachitsulo kopyapyala kamene kamapindika msanga. Chivindikiro charabala musachiviike m'mankhwala alionse, ingochipukutani.

Mtundu wachitatu ndi wovuta: chivindikiro chachitsulo chopanda kawaya, chochita kukhomeredwa ku fakitale. Ichi sichichoka osawonongeka. Muli ndi njira ziwiri. Mutha kuisiya yotseka n'kuiviika nthawi yaitali, mukusintha parafini kangapo. Kapena, ngati bering'iyo yalimba kale ndipo palibe chimene mungataye, zulani chivindikiro cha mbali imodzi yokha n'kuchitaya, ndipo pobwezera mbali yotsegukayo iyang'ane mkati mwa reel kumene kulibe fumbi. Ndachita zimenezi kambiri pa mabering'i a giya ndipo amakhala. Pa kagudumu ka chingwe sindichita, chifukwa pamenepo madzi amabwera mbali zonse.

Mbali imodzi ikatseguka n'zokwanira. Musadzipatse ntchito yochotsa zivindikiro zonse ziwiri, ndipo timipira musatitulutse m'kakhola.

Chenjezo kwa amene ali ndi Daiwa yolembedwa Magsealed: mmenemo muli mafuta apadera ogwiridwa ndi maginito, ndipo mukawatsuka simuwapezanso pa msika wa Limbuli. Mbali imeneyo isiyeni mmene ilili.

6. Tsukani ndi kuumitsa. Ponyani mabering'i m'kabotolo ka parafini, dikirani mphindi 15, tsekani ndi kukhutchumula. Muona parafini akuda ndi timchenga tikukhala pansi. Tayani, thirani wina, bwerezani mpaka asiye kuda. Pomaliza tsukuluzani m'kabotolo ka sipiriti kuti achotse mafuta otsala a parafini. Petulo ayi: amadya rabala ndi pulasitiki, komanso mbaula siikhala patali m'nyumba zathu nyengo yozizira. Mankhwala ochotsera penti wa zikhadabo nawonso ayi, amasungunula tikhola tina tapulasitiki.

Kuumitsa n'kumene chiperoni chimapusitsa anthu. Sipiriti amauma msanga kunja, koma pakati pa timipira pamatsala chinyontho, ndipo mukatsekera chinyonthocho ndi mafuta dzimbiri limayambira mkati. Ikani mabering'i pa pepala loyera, mbali yotseguka pansi, padzuwa kwa ola limodzi. Kukakhala chifunga dikirani mawa. Osawapemerera ndi pakamwa, mpweya wanu ndi wonyowa. Ndipo musapite nawo kwa a matayala kuti akawazungulitse ndi mpweya wa kompuresa. Imalira mosangalatsa ngati ndege, koma bering'i youma ikathamanga choncho timipira timakalika nthawi yomweyo.

7. Yesani iliyonse isanalandire mafuta. Mafuta amabisa matenda, choncho kuyesa kumachitika ili youma. Somekani bering'i pa nsonga ya pensulo mpaka mphete yamkati igwire, kenako gwazani yakunja ndi chala. Yabwino imazungulira kwa kanthawi ndi kaphokoso kosalala ka "shiii", n'kuima pang'onopang'ono. Kaphokoso kameneko si vuto, chitsulo chouma chimatero. Ikaima mwadzidzidzi ngati yapunthwa, mwatsala litsiro, bwererani ku botolo. Kenako ipanikizeni pakati pa zala ziwiri n'kuizungulitsa pang'onopang'ono kwambiri, maso mutatseka. Chala chimamva zimene khutu silimva. Mukamva ngati tinjere, gudu gudu, pamalo amodzimodzi ngakhale mwatsuka katatu, dzimbiri lakumba timaenje m'njira ya timipira. Imeneyo yafa. Palibe oyilo woiukitsa, ndipo girisi wambiri amangoitontholetsa kwa masabata angapo. Igwedezeninso cham'mbali. Kugwedera pang'ono n'kwachibadwa, koma ikamachita khwekhwerekhwe yatha.

8. Thirani mafuta. Lamulo langa n'lakuti chozungulira mothamanga ndi mopepuka chilandire oyilo, chonyamula katundu chilandire girisi. Oyilo apite m'kagudumu ka chingwe, m'kachitsotso ka chogwirira, pa shafiti, ndi m'mabering'i a spool ya baitcaster. Dontho limodzi, lochokera pa nsonga ya singano, ligwere pa timipira, muzungulitse, ndipo otsala kunja mupukute. Pa baitcaster ukathira madontho atatu nyambo siipitanso patali, ndipo otsalawo amawazikira pa mabuleki a spool. Mabering'i a giya yaikulu ndi a kagiya kakang'ono ndimawapaka girisi wofewa ndi kamtengo kotokosera m'mano, osadzaza, mwina gawo limodzi mwa atatu a malo opanda kanthu. Reel imalemerako pang'ono pokupukusa tsiku loyamba, koma m'chinyontho cha kuno girisi amatchinga madzi kuposa oyilo. Mano a magiya apakeni girisi wochepa woti angonyezimira.

Bering'i yothiridwa mafuta sizungulira nthawi yaitali pa pensulo ngati mmene imachitira ili youma. Ena amaona ngati aiwononga n'kuyambanso kutsuka. Ili bwino, isiyeni.

Za zitatu zija ndinatchula poyamba: mafuta ophikira amauma n'kusanduka ulimbo pakangopita miyezi yochepa, oyilo wa injini ndi wokhuthala kwambiri kwa timipira tating'ono chonchi makamaka m'mawa wa Juni, ndipo WD-40 ntchito yake ndi kuthamangitsa madzi ndi kumasula zolimba. Amasungunula girisi amene analimo, ndiye reel imapepuka sabata imodzi kenako imalira kuposa kale.

Bwezerani chivindikiro mbali yomwe chinayang'ana, lowetsani nsonga imodzi ya kawaya m'kangalande, yendetsani chikhadabo mozungulira mpaka kagone konse. M'jumbo momwemo.

9. Bering'i yoletsa kubwerera m'mbuyo. Iyi imakhala pa kagiya kakang'ono, kunsi kwa rotor. M'malo mwa timipira ili ndi timiphini tachitsulo timene timalola kachubu ka mkati kuzungulira mbali imodzi, n'kuluma kakayesa kubwerera. Kuluma kumeneko kumafuna kuti chitsulo chikhudze chitsulo. Mukapakamo girisi timiphini timamatirira, ndipo tsiku limene mudzakoke ndodo kuti mbedza ilowe, chogwirira chidzabwerera n'kukumenyani zala nsomba ikupita. Kukazizira zimanyanya. Ipukuteni mkati ndi kansalu konyowetsa ndi sipiriti, iume, kenako pakani kachubuko oyilo wochepa kwambiri ndi chala n'kupukutanso. Musaiphwasule, muli tisipuling'i tosaoneka bwino. Ndipo musanaichotse ikani chizindikiro kumwamba kwake. Mukaibwezera chadodolido, chogwirira chimakana kupita kutsogolo n'kumalola kumbuyo kokha, ndipo mudzaganiza kuti mwathyola giya.

10. Bwezerani zonse potsatira thireyi kuyambira kumanja, mukuyang'ana zithunzi za mu foni. Masikuluwu a m'mbali amangeni mopingasa, pang'onopang'ono, mukupukusa chogwirira. Chikayamba kulimba pamene mukumanga, imani: kawashala kena kalowa polakwika kapena bering'i siinakhale bwino m'malo mwake. Matupi ambiri ndi apulasitiki wolimba ndipo mazinga ake amatha msanga mukamanga ngati gudumu la galimoto. Mafuta a mabering'i asafike pa mawashala a drag ali mkati mwa spool, amenewo ali ndi kasamalidwe kawo.

Bering'i yakufa ija musaitaye, ndiyo chitsanzo chokagulira ina. Kukula kwake kumatchulidwa ndi manambala atatu m'mamilimita: bowo lamkati, kukula kwa kunja, ndi kuchindikala. Yolembedwa 623 ndi 3x10x4, MR115 ndi 5x11x4, ndipo MR74 yokhala ndi zivindikiro ndi 4x7x2.5, yomwe imapezeka kawirikawiri m'kachitsotso ka chogwirira ndi m'kagudumu ka chingwe. Rula ya kusukulu siikwanira kuyezera, pemphani makaniko akuyezereni ndi kachida koyezera kotchedwa vernier. Mukaona chilembo S kutsogolo, monga SMR115, ndiye kuti ndi ya chitsulo chosachita dzimbiri msanga, ndipo kwa ife okhala m'tsinde mwa phiri la Mulanje imeneyo ndiyo yoyenera kulipirira. Za ABEC 5 kapena ABEC 7 zisakudyereni ndalama, manambalawo amangonena za kulondola kwa miyeso ndipo makumba a m'damu sadziwa kusiyana kwake. Funsani m'masitolo a mabering'i ku Limbe ndi ku Blantyre, kapena tumizani manambalawo kwa wachibale wa ku Joni abwere nawo pa Khirisimasi. Ine ndikaona reel yothyoka mwendo pa kaunjika ndimagula dala, chifukwa mabering'i ake nthawi zambiri amakhala adakali amoyo.

Ntchito yonseyi ndimaichita kamodzi pachaka, mu Epulo mvula ikamatha chiperoni chisanayambe. Kagudumu ka chingwe kokha ndimakadonthezera oyilo pakapita maulendo atatu kapena anayi. Reel ikamira m'madzi, makamaka a matope, musadikire Epulo, itseguleni tsiku lomwelo kapena mawa lake. Mukabwera kowedza ipukuteni ndi nsalu, masulani drag kuti mawashala apume, ndipo ipachikeni poyera pamene mphepo ikudutsa. M'jumbo yomanga kapena m'chikwama chonyowa chija munanyamuliramo nyongolotsi musaisiyemo usiku.